Kukazonda Lily

Mu Nairobi muno mulibe Mmalawi amene anagonapo m'chipatala ine osakamuona. Funsani aliyense. Ine ndine Tionenji, mkazi wa a Matthews a ku Rongai, ndipo chibwerereni kuno, bambowo atapeza ntchito ku bungwe lina la mayiko, ntchito yanga yakhala imeneyi. Munthu akadwala, foni imayamba kulira kwa ine isanalire kwa abale ake ku Blantyre. Ndimaphika phala la mgaiwa lotendera, ndimalithira mu fulasiki yanga yofiira, ndimaitana amayi awiri atatu, basi takwera matatu, minibasi za kuno. Ana a pa yunivesite, mabwana a m'maofesi a ku Gigiri, Akhristu, Asilamu, onse analawapo phala langa. Munthu wosazonda anzake, tsiku lake likadzafika amadzacheza ndi denga, ndipo ine sindifuna kuti Mmalawi mnzanga acheze ndi denga m'dziko la eni.

Ndanena zimenezi kuti mumvetse mmene zinandiwawira tsiku limene anandibweza pakhomo.

Wodwalayo anali Lily, mwana wa a Medson ndi Margaret, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu kamene ndinakanyamula ndi manja angawa tsiku la ubatizo wake. Anabadwa ndi matenda a siko selo, aja magazi amapindika ngati zenga n'kumatsakamira m'mitsempha. Mwanayo anakula ndi ululu wa m'mafupa, mwezi uno ali kusukulu, mwezi wamawa ali pa diripi. Kenako madokotala a pa chipatala china chachikulu m'tauni anati njira yothetseratu vutoli ilipo: kupha mafuta a m'mafupa ake ndi mankhwala, n'kuikamo mafuta a mkulu wake Lenah, amene magazi ake anagwirizana ndi a Lily ndendende. Anachitadi zimenezo. Margaret analemba pa gulu lathu la pa foni kuti zonse zayenda bwino, tipitirize mapemphero, koma tisabwere kaye.

Ndinawerenga n'kumwetulira. Mawu oti musabwere aliyense amanena, ndi ulemu chabe, monga mlendo amakanira chakudya koyamba ali ndi njala yake. Amene amamvera mawu oterowo ndiye kuti analibe kale mtima wopita. Ndinasonkhanitsa amayi asanu, tinavala chitenje chathu cha gulu, tinatsika matatu ku Railways n'kukwera ina, mpaka tinafika pa wodiyo tikung'ung'udza nyimbo chapansipansi monga mwa mwambo wathu.

Pakhomo panali chitseko cha galasi, ndipo kuseri kwake kunali chitseko china. Nesi wa Chikenya anatiimitsa ndi dzanja, akuti hapana mama, hapana. Ndinamuyankha m'Chiswahili changa chothyokathyoka kuti mwanayo ndi wanga. Anapita kukaitana munthu, ndipo amene anatuluka anali Lusekero.

Lusekero ameneyu anachokera ku Rumphi ndi chikwama chimodzi, atapata mwayi wa maphunziro. Anagona pabalaza panga teremu yathunthu asanapeze kachipinda ku Umoja. Ndine ndinamuphunzitsa kunena kuti shukisha akafuna kutsika matatu, ndine ndinamutenga ku Eastleigh kukamugulira bulangete n'kumuuza kuti mtengo woyamba sayankha. Pano anali ataphunzira mpaka kutchedwa dokotala, koma osati wopima odwala. Ankagwira ntchito mu labu ya pansi pa chipatalacho, ndipo ndikamufunsa chimene amachita ankati amaweta maselo a magazi. Ine ndinkangoti chabwino, bola akukulipira.

Anandipatsa moni mwaulemu, manja onse awiri ali pachifuwa, osandigwira chanza. Kenako anati, "Anti, simungalowe. Ngakhale phalalo silingalowe."

"Phala langa lalakwa chiyani?"

Anafotokoza kuti m'thupi mwa Lily munalibe asilikali, akale anafa ndi mankhwala ndipo atsopano anali asanakhwime, kotero ngakhale kachimfine kamene munthu wathanzi sakudziwa n'komwe kuti ali nako kakhoza kumutenga mwanayo. Anati womukonda Lily masiku amenewo ndi amene akhale kutali. Ananena zonsezi pamaso pa amayi a gulu langa, mwana amene ndinkamutsukira mbale. Sindinakweze mawu, ine si munthu wokangana m'makonde. Ndinangotembenuka. Phala ndinapatsa alonda a pageti, ndipo ulendo wonse wa ku Rongai, m'chipwirikiti cha magalimoto a pa Magadi Road, nyimbo za m'matatu zikugunda mpaka m'mano, ndinangofumbata fulasiki yopanda kanthu pamiyendo.

Kunyumba ndinawauza a Matthews kuti pachipatala pamenepo phazi langa silidzapondanso. Iwo, maso ali pa nyuzipepala, anati n'zachisoni, chipatalacho chitsekedwa ndithu chikamva zimenezi.

Masabata anapita. Nkhani zinayamba kumveka kuti Lily sali bwino, akutsegula m'mimba, akukana kudya, watentha thupi. Ndinkapemphera, komanso ndinkadwala mumtima, chifukwa kupemphera uli patali kwa ine kuli ngati kuphikira munthu chakudya n'kuchisiya m'khitchini mwako. Ndinali wokwiya, ndiponso ndinali ndi mantha, ndipo ziwirizi zinkadyera mbale imodzi.

Loweruka lina m'mawa ndinamva odi pageti. Anali Lusekero, atanyamula buledi ndi shuga ngati akupita kwa apongozi. Sanakhale pa sofa. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atapinda, monga mwana woleredwa bwino. Ndinamusiya apereke moni wonse mpaka kufunsa za nkhuku, ndipo pokhapo ndinamufunsa chimene chamuyendetsa.

Anati Lily wagwidwa ndi kachilombo kamene madokotala amakatchula ndi zilembo zitatu, CMV. Funso langa loyamba linatuluka lokha: kodi tinabweretsa ndife tsiku lija, ndi nyimbo zathu m'khonde muja? Anati ayi, kachilomboko kanali kale mwa Lily. Pafupifupi tonse a kwathu tinakatenga tili makanda, m'mene timalandizirana ana m'manja ndi kumwera chikho chimodzi. Sikachoka, kamangogona m'thupi moyo wonse, ndipo pali kagulu ka asilikali kamene kamakadziwa nkhope n'kumakalondera kuti kasadzuke. Asilikali a Lily oterowo anafa limodzi ndi mafuta akale a m'mafupa. Tsono Lenah, mwini mafuta atsopanowo, anabadwira ku Geneva pamene bambo ake ankagwira ntchito kumeneko, anakulira m'nyumba zimene amawiritsa ngakhale supuni ya mwana, ndipo sanakumanepo nako kachilomboko. Asilikali ake ankangokadutsa osakazindikira. Kanadzuka, kanalowa m'matumbo, ndipo tsopano kanali katayamba kufika m'maso. Mankhwala analipo, koma akawonjezera ankapha mafuta atsopano aja, akachepetsa kachilombo kankakwera. Zikapitirira choncho Lily achita khungu, ndipo mwina sizithera pa maso pokha.

Ndinayang'ana buledi uja pa tebulo. Ndinafunsa kuti ndiye titani.

Anati akufuna kubwereka asilikali kwa munthu wina amene anakumanapo ndi kachilomboko. Koma si munthu aliyense. Maselo a munthu ali ndi zizindikiro zake, zotengera ku mtundu, ndipo wobwereketsayo ayenera kufanana ndi Lily pa zizindikiro zingapo, apo ayi asilikali ake akafika sakamva chimene thupi la mwanayo likuwalozera. A Medson anawayeza n'kuwapeza ndi kachilombo ka chiwindi kamene sankadziwa n'komwe kuti ali nako. Margaret anali woyembekezera. Anafunsa kumayiko akunja kumene amasunga maselo oterewa m'mafiriji, koma ambiri amene anapereka kumeneko ndi azungu, ndipo zizindikiro za Lily sizinapezeke.

"Zizindikiro zake n'zakwathu, Anti," anatero. "Zili m'magazi a Amalawi. Ndipo mu Nairobi muno munthu amene angaitane Amalawi iwo n'kubwera alipo mmodzi."

Ndinathira tiyi pang'onopang'ono kuti adikire. Kenako ndinati, "Unatibweza ndi phala, lero ukufuna magazi."

"Eya, Anti. Ndipo mukabweranso ndi phala mawa ndikubwezaninso."

Mwana wopanda mantha ameneyu! Ndinafuna kumukalipira, koma pansi pa mtima ndinakondwa, chifukwa khomo la Lily linali ndi mlonda weniweni. Ndinamuuza kuti amwe tiyi asanazizire, ine ndinatenga foni.

Lamulungu lotsatira, titaweruka ku mapemphero, holo ya tchalitchi china cha ku Ngong Road inadzaza. Anabwera a ku Umoja, a ku Rongai, a magalimoto aataliatali a ku Gigiri, ndiponso anyamata a ku Mangochi amene amaswali ku Eastleigh anafika ndi mikanjo yawo yoyera. Ena ndinachita kuwakumbutsa za phala limene anamwa ali pa bedi, sindinachite manyazi. Lusekero ndi anzake awiri a Chikenya anakhala pa tebulo ndi timabotolo, aliyense akupereka magazi okwana supuni ziwiri. Chancellor, chimnyamata cha pa yunivesite chimene chimasewera ragibi, chinangoona singano n'kugwa chagada, tinachita kuchipepesa ndi mandasi. Ine ndinapereka pomalizira, kungoti anthu asadzanene kuti woitana anathawa. Ndi imvi zangazi, zaka zikuyandikira makumi asanu ndi limodzi, ndinkadziwa kuti akufuna magazi a achinyamata.

Patapita masiku Lusekero anaimba foni. Pa khamu lonse lija, atatu anafanana ndi Lily mokwanira: Chancellor, mtsikana wina wa ku Umoja, ndi ine. Anatenga magazi a aliyense wa ife n'kuwaonetsa tizidutswa ta kachilombo kaja kuti aone asilikali angati adzuke. Kwa ana awiriwo anadzuka owerengeka. Kwa ine, anati, anadzuka ngati njuchi zoputidwa. Kachilombo kameneka, munthu akamakula ndi pamene asilikali okalondera amachulukirachulukira, chifukwa akhala akulimbana nako zaka zonsezo.

Ndinaika foni pansi n'kuwauza a Matthews kuti pa Amalawi onse a mu Nairobi asankha magazi a nkhalamba yawoyi. Iwo anati sakudabwa, akhala nane zaka zambiri ndipo akudziwa kuti magazi anga saiwala amene anawalakwira.

Choncho phazi lija ndinalumbira linapondanso pachipatala. Anandiyeza chilichonse choyezeka, kenako anandikhazika pa mpando wotsamira, singano mkono uwu singano mkono uwo. Magazi ankatuluka mbali imodzi, kulowa m'makina ozungulira, makinawo n'kupatula maselo oyera, otsalawo n'kubwerera mwa ine mbali inayo. Ndinakhala pamenepo m'mawa wonse. Milomo inachita dzanzi, anandipatsa mapiritsi otafuna okoma ngati choko. Thumba limene linadzaza silinali lofiira ngati magazi, linali lotuwirako ngati madzi otsukira nyama, ndipo ndinaliyang'ana mokayikira.

Lusekero atabwera kudzalitenga ndinamuuza kuti katundu wanga sapita kumene ine sindinaone. Anapita kukapempha kwa akuluakulu ake, ndipo anandilola kudzaima mawa lake pa zenera la m'khonde la labu, kunja kwa galasi.

Tisanasiyane tsiku limenelo anandifotokozera m'Chichewa chimene ndidzaone. M'thumba lija munali asilikali ankhaninkhani, a chimfine, a chikuku, a matenda onse amene ndinadwalapo chibadwire, ndipo a CMV anali ochepa pakati pawo. Anayenera kupatulidwa okhaokha. Poyamba amathiramo tizidutswa topanga tofanana ndi kachilomboko, topanda moyo, tosadwalitsa. Msilikali wosakadziwa amangokhala phee, koma wokadziwa amadzuka n'kuyamba kutulutsa timadzi toitanira anzake kunkhondo. Ndiye amathiramo mankhwala ena amene amamatirira pa yekhayo amene akuitana, ndipo mankhwalawo ali ndi kachitsulo kosaoneka ndi maso. Akatero amadutsitsa zonsezo m'kapaipi kozunguliridwa ndi maginito. Opanda kachitsulo amapitirira, okhala nako amakanirira. Pomaliza amazimitsa maginito n'kuwakokolola okhawo.

Ndinafunsa kuti bwanji osangomupatsa mwanayo thumba lonse, asilikali ambiri si ndiye bwino? Anapukusa mutu. Anati enawo akalowa mwa Lily sakapeza mdani wawo, ndiye akhoza kuona Lily yemweyo ngati mdani n'kuyamba kumudya khungu, matumbo ndi chiwindi. Kumupatsa onse n'kumupha.

Pamenepo sindinafunsenso. Ine ndatsogolera magulu a ozonda zaka zambiri, ndipo ndimadziwa kuti si onse olowa m'chipinda cha wodwala amene amapita kukathandiza. Ena amapita kukaona mmene waondera kuti akasimbe, ena amakayambitsa nkhani ya maliro a chaka chatha. Ndakhala ndikulakalaka chida chowapatulira pakhomo anthu oterowo, kani chilipo, chili pansi pa chipatala.

Mawa lake ndinaima pa zenera lija. M'katimo munali anthu anayi ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kungotsala maso. Ndinamuzindikira Lusekero ndi kayendedwe kake, amaponda ngati akutsika phiri la kwawo. Makinawo anali aakulu ngati kabati, ndi timapaipi topotanapotana ngati matumbo a nkhuku. Iye ndi amene ankalumikiza timapaipito, kuyang'ana pa kompyuta, kuloza uku, kugwedeza mutu uko. Panali bambo wina wachikulire, pulofesa wa Chikenya, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti asanagwire chilichonse ankayamba wayang'ana kwa Lusekero. Pa labu imeneyo ntchito yotereyi inali isanachitikepo pa wodwala weniweni, ndipo woitsogolera anali mtsikana uja analira pa tebulo langa sabata yake yoyamba chifukwa ugali, nsima ya kuno, ndi wolimba. Ndinamva chifuwa chikukula. Mayi wina wokolopa anadutsa, ndipo ndinamugwira mkono n'kumulozera pa galasi kuti uyo wapakatiyo ndi mwana wanga, anachokera m'nyumba mwanga. Mayiyo anandiyamikira m'Chiswahili kuti hongera, n'kupitiriza kukolopa.

Madzi otuwa aja anayenda m'kapaipi, thumba lalikulu la otayidwa linadzaza, ndipo ine sindinaone chilichonse chikukanirira pena paliponse. Kenako anatapa kadontho n'kupita nako m'chipinda china kukawerenga. Apa ndi pamene panagona nkhani, chifukwa Lusekero anali atandichenjeza kuti asilikali osafunika akapezeka ochuluka pakati pa osankhidwawo, sangamupatse Lily, ndipo maso a mwanayo analibe nthawi yodikira ulendo wachiwiri. Ndinakhala pa benchi. Ndinaimirira. Ndinakhalanso. A Medson anafika n'kukhala pambali panga, tayi ili m'thumba, osalankhula, bambo amene pa misonkhano salola wina kumaliza chiganizo.

Chitseko chitatseguka Lusekero anatuluka atavula chophimba kukamwa, pamphuno pali mzere wa lamba. Anayang'ana a Medson n'kunena kuti zatheka, ndi oyera bwino, dokotala wa Lily wavomera. Bambowo anaphimba nkhope ndi manja. Kenako Lusekero anatembenukira kwa ine n'kutsegula kabokosi kozizira kuti ndione. Munali sirinji imodzi, ndipo m'katimo munali timadzi toyera mbee, tosakwana ngakhale kapu ya tiyi ya mwana.

"Kameneka?" ndinatero. "M'mawa wonse uja ndinakhala pa mpando, kameneka? Lusekero, ine sindinapiteko kozonda munthu ndi kanthu kochepa chonchi. Anthu adzati chiyani? Ndibwezere pa makina, utenge zokwanira."

Anaseka, koyamba chiyambire nkhani yonseyi. Anati ndi okwana, akafika n'kumupeza mdani wawo akaberekana okha.

Tinakwera ku wodi. Ndinaima pa chitseko cha galasi chomwe chija anandibwezera, pamalo pomwe paja. Kudzera pa zenera la m'kati ndinamuona Lily koyamba chiyambire. Anali atatha, mutu uli mbee wopanda tsitsi, maso atatsinzina chifukwa kuwala kunkamupweteka. Margaret anali pambali pake ndi mimba yake, atavala zoyera. Nesi uja wa hapana mama analumikiza sirinji ku kapaipi ka pachifuwa pa mwanayo n'kukankha pang'onopang'ono. Sizinatenge nthawi yoimba ndime ziwiri za nyimbo. Lily sanatembenuke n'komwe. Ndinabwerera ku Rongai manja ali lende, ndipo madzulo amenewo ndiwo zinapserera pamoto ndili pomwepo.

Sabata yoyamba kachilombo kanakwera m'malo motsika. Margaret anandiimbira akulira. Ndinaopa kuti magazi anga amunamiza mwanayo. Ndinaopa koposa kuti mwina pakati pa osankhidwa aja panazembera wina woipa mtima amene akumudya m'kati. Lusekero anati tidikire, nthawi zina zimayamba choncho, koma mawu ake anali ouma ndipo ndinadziwa kuti nayenso sakugona tulo. Ndikusesa pakhonde ndinkawalankhula asilikali angawo mokweza. Ndinkawauza kuti sindinawatume kukaona tauni, achoka m'nyumba yaulemu, agwire chimene anapitira. A Matthews anandimva, koma ulendo uno sanaseke.

Kenako nambala ya kachilombo m'magazi a Lily inaima. Sabata yotsatira inatsika, inatsikanso, ndipo m'mimba munaleka. Lusekero anayeza magazi a Lily n'kupezamo asilikali anga atachuluka kuposa amene analowa. Tsiku lina Margaret anaimba kuti mwana wapempha chipisi. Dokotala wa maso anati diso lamanzere latsala ndi kachipsera pambali kamene sikadzachoka, koma Lily aona, awerenga, adzasankha yekha mwamuna ndi maso ake.

Musandifunse mmene ndinkayendera masiku amenewo. Makanga, kondakitala wa matatu, akandiuza kuti ndisunthe ndinkasuntha ngati mfumukazi. Pa msonkhano wa amayi, ena anadandaula kuti miyezi yapita Lily ali m'chipatala, gulu lathu osalowako ngakhale mmodzi, mbiri yathu yaonongeka. Ndinawasiya amalize. Kenako ndinawauza kuti alankhule za iwo eni, ine ndili konko usana ndi usiku, sindinatulukemo chilowereni. Chancellor nditakumana naye ndinamuuza kuti adye bwino akule, mwina tsiku lina magazi ake adzakhala ndi nzeru.

Lily anatuluka m'chipatala mvula yaikulu ya kuno, imene amati masika, itayamba, koma kunyumba kwawonso alendo anali oletsedwa. Ulendo uno palibe anachita kundiuza kawiri, ndipo mayi wina atanena kuti tingopita, mawu oti musabwere ndi ulemu chabe, ndinamukhazika pansi ndekha. Margaret anachira, kunabadwa mwana wamwamuna. Ine ndinkangotumiza moni.

Tsiku lina Lusekero anabweranso ku Rongai, ndipo ulendo uno anakhala pa sofa. Anati wabwera ndi nkhani yabwino. Anayeza magazi a Lily, kachilombo sikakuonekanso, ndipo mafuta a Lenah aja ayamba kutulutsa asilikali awoawo okadziwa. Ndinafunsa za anga. Anati sanawapezenso. Asilikali obwereka sakhalitsa, thupi likalimba limawachotsa, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndinafunsa ngati anga ndi amene anaphunzitsa atsopanowo. Mwana wosadziwa kunyengerera uja anati zimenezo sangandinamize, chimene akudziwa n'choti anga anagwira chitseko mpaka eni nyumba atadzuka.

Ndinakondwa, koma ndisabise, kanandibaya. Ndinali nditazolowera kudzuka m'mawa ndikudziwa kuti mbali ina ya ine ili kutsidya la tauni ikugwira ntchito. Mlendo ndi mame, ndinadziuza, ndipo wozonda wabwino sadikira kuti eni nyumba ayambe kuyasamula. Komabe chinthu chimodzi chinandikhala pakhosi. Kwathu munthu suchoka pa wodwala mozemba ngati wakuba. Umaimirira, umanena mawu, eni ake amakuperekeza mpaka pakhomo. Anga aja anangosowa, ngati anthu osaleredwa.

Ndinamuuza Lusekero zimenezi. Iye anati dokotala walola alendo tsopano, mmodzimmodzi, wopanda chimfine, wosamba m'manja. Ndinafunsa za phala. Anati likhale lowira bwino, lophikidwa tsiku lomwelo.

Ndinapita ndekha, chitenje cha gulu ndinachisiya. Margaret ananditsegulira khanda lili paphewa, ndipo ndinamuuza kuti andilozere kaye posamba m'manja. Ndinasamba mpaka m'zigongono. Pabalaza Lily anali atagona chafufumimba pa kapeti akujambula, tsitsi litamera lofewa ngati la khanda, masaya atabwerera. Anadzutsa mutu, ndipo chimene anayamba kuona ndi fulasiki.

"Yofiira ija!" anatero. Kenako anakhala tsonga bwinobwino monga anaphunzitsidwira. "Agogo, mwabwera kudzandizonda?"

"Ayi, mwanawe. Kuzonda ndinakuzonda kale, ndakhala nawe miyezi yonseyi. Lero ndabwera kudzatsanzika."

Anaganiza pang'ono, diso limodzi atatsinzinira. Amayi ake anali atamufotokozera za sirinji ija, ndinaona kuti wamva. Anadzuka, anandilanda fulasiki n'kuikumbatira ndi manja onse awiri.

"Ndiye musatsanzike msanga," anatero. "Phala silinathe."

Ndinakhala pansi, ndipo Margaret anapita kukatenga makapu.